Cikalata cikafuna kuwoloka malire

Ana inu, pamudzi panu aliyense amakudziwani. Amfumu amadziwa dzina lanu. Aphunzitsi amadziwa makolo anu. Agogo amakumbukira tsiku limene munabadwa.

Nanga mukapita kutali, adzakudziwani ndani? Kumeneko kulibe amfumu anu, kulibe agogo. Cimene cimakulankhulirani ndi cikalata.

Ife ndi anansi athu

Ife timakhala m'boma la Marávia, m'cigawo ca Tete. Likulu la boma lathu ndi Fingoè. Kumwera kuli nyanja ya Cahora Bassa. Kumpoto kuli dziko la Zambia.

Anthu a mbali ino ndi a mbali iyo ya malire ndi pacibale. Akakumana amamvana. Koma maiko ndi awiri, ndipo lililonse lili ndi malamulo ake. Zikalata za ku Mosambiki zimalembedwa m'Cipwitikizi. Za ku Zambia zimalembedwa m'Cingerezi.

Pa nthawi ya nkhondo, mabanja ambiri a m'cigawo cathu anathawira ku Zambia. Ena anakakhala ku Ukwimi, m'boma la Petauke. Pa 4 Okutobala 1992 atsogoleri anasaina pangano la mtendere ku Roma. Pambuyo pake anthu anabwerera kwawo. Ena anabwera ndi ana obadwira ku Zambia. Ena anatsala komweko. N'cifukwa cake mpaka lero abale amayenderana, ndipo zikalata zimayenda nawo.

Zikalata za munthu

Mwana akabadwa, makolo amakamulembetsa ku konservatorya. Imeneyi ndi nyumba ya boma yosunga maina a anthu. Dzina la mwana limalowa m'buku. Makolo amalandira sedula.

Pali zikalata zinanso. Pali cikalata ca kubadwa, cimene cimacokera m'buku lija. Pali biyete, imene ili ndi cithunzi ca mwini wake. Pali pasaporte, yopitira ku maiko ena. Pali cikalata ca kusukulu, coonetsa makalasi amene munthu anamaliza.

Tiyerekeze kuti mkulu wanu akufuna kukapitiriza sukulu ku Zambia. Wanyamula cikalata cake ca kusukulu. Aphunzitsi a kumeneko akuciyang'ana. Amene anasainapo sakumudziwa. Cidindo ca sukulu yathu sakucidziwa. Adziwa bwanji kuti cikalata ndi ceniceni? Akakayika, angathe kumubweza.

Notaryo ndani?

Notaryo ndi munthu amene lamulo linamupatsa nchito yokhala mboni. Iye amaona ndi maso ake, kenaka amalemba kuti waona. Amasaina dzina lake. Amadinda cidindo.

Mukamupatsa fotokopya, amafunanso cikalata ceniceni. Amaika mapepala awiriwo pamodzi. Amayang'ana ngati akufanana. Akafanana, amadinda pa fotokopya. Tsopano fotokopya ija yakhala yodalirika.

Bambo akalemba kalata yolola mwana wawo kupita ku dziko lina ndi amalume, amapita nayo okha kwa notaryo. Amaonetsa biyete yawo. Amasaina notaryo akuona. Iye amatsimikiza kuti dzanja limene lasaina ndi la bambo amenewo. Motero munthu wacinyengo sangathe kutenga mwana wa eni ndi kalata yabodza.

Mumzinda wa Tete muli ofesi ya notaryo. M'maboma ambiri, nchito imeneyi imacitikira ku konservatorya komweko.

Miyala yowolokera

Kodi munawolokapo mtsinje podumpha pamiyala? Mumaponda mwala woyamba, kenaka waciwiri, kenaka wacitatu. Cikalata naco cimawoloka malire motero.

Mwala woyamba ndi notaryo. Iye amati: "Ndaona, cikalata ici ndi coona."

Mwala waciwiri uli ku Maputo, ku Unduna woona za ubale ndi maiko ena. Kumeneko amatsimikiza kuti amene anasaina ndi wanchito weniweni wa dziko lathu. Nawonso amadinda.

Mwala wacitatu ndi nyumba ya kazembe. Kazembe ndi munthu woimira dziko lake m'dziko la eni. Zambia ili ndi kazembe wake ku Maputo. Iye amadziwa cidindo ca Unduna wathu. Akaciona, amadinda cake.

Tsopano cikalata cafika ku Zambia. Aphunzitsi aja sadziwa notaryo wathu, koma cidindo ca kazembe wa dziko lawo amacidziwa. Akhulupirira.

Zimenezi si zacilendo. Mlendo akafika pamudzi, sapita yekha kwa amfumu. Amapita ndi munthu womudziwa, amene amfumu nawonso amamudziwa. Zidindo zimagwira nchito yomweyo. Ciliconse cimaperekeza cinzake.

Kawirikawiri cikalata cimafunikanso kumasuliridwa, kucoka m'Cipwitikizi kupita m'Cingerezi. Nchito imeneyi ndi ya womasulira wovomerezeka ndi lamulo.

Samalani dzina lanu

Dzina limodzi lingathe kulembedwa mosiyana. Ku Zambia amalemba Mwale. Wolemba wa Cipwitikizi angalembe Muale. Kwa ife ndi munthu mmodzi. Koma pa mapepala akuoneka ngati anthu awiri! Kukonza zimenezi kumatenga nthawi ndi ndalama.

Conco phunzirani kulemba dzina lanu bwinobwino. Lilembeni monga momwe lilili pa sedula yanu, tsiku lililonse.

Mawu atsopano

Cidindo: cizindikiro cimene ofesi imaika pa pepala.
Kusaina: kulemba dzina lako ndi dzanja lako, povomereza zimene zalembedwa.
Mboni: munthu amene waona ndipo akunena zoona.
Malire: pamene dziko limodzi lathera ndipo lina layambira.

Tiyeni tiyankhe

1. Likulu la boma la Marávia ndi kuti?
2. Ndi dziko liti lili kumpoto kwa boma lathu?
3. Notaryo amacita ciani asanadinde pa fotokopya?
4. Miyala yowolokera cikalata ndi ingati?
5. Lembani dzina lanu m'kope katatu.

Kwa makolo

Werengani phunziroli pamodzi ndi mwana wanu. Muonetseni sedula yake, aone pamene pali dzina lake ndi cidindo.

Lembetsani mwana akangobadwa. Popanda dzina m'buku la konservatorya, zikalata zina zonse zimavuta kupeza. Musanacoke pa ofesi, pemphani kuti akuwerengereni dzina la mwana, maina anu ndi tsiku lobadwa. Ngati pali colakwika, nenani pomwepo.

Safunsa anadya phula. Musanayambe ulendo, funsani sukulu kapena ofesi ya ku dziko linalo kuti ikufuna zikalata ziti ndi zidindo zingati. Nchito zina sizifuna miyala yonse itatu. Yambani msanga, pakuti Maputo ndi kutali.

Popita kwa notaryo, tengani cikalata ceniceni, fotokopya yake ndi biyete yanu. Ngati simudziwa kulemba, musacite manyazi. Nenani, ndipo adzakuuzani zocita. Musasaine pepala limene simunalimve. Mukalipira, landirani lisiti.

Musafute kapena kulemba kanthu pa cikalata ca boma. Cisungeni m'pepala la pulasitiki, m'citini cotseka bwino, kutali ndi mvula, moto, ciswe ndi makoswe. Mapepala amene banja linabwera nawo kucokera ku Zambia musataye, ngakhale akhale akale. Tsiku lina mdzukulu wanu adzawafuna.