Asanapinde waya, mwana ayambe waonetsetsa galimoto yeniyeni

Sukulu zikatsekera, m'makwalala a ku Ndirande, Kawale, Chibavi ngakhale kumudzi simulephera kukumana ndi mwana akuyendetsa galimoto ya mawaya, chiwongolero chili pamchombo, pakamwa pakulira ngati injini. Mukaziyang'anitsitsa galimotozi mupeza kuti zilipo za mitundu iwiri. Ina mumangoidziwa kuti ndi galimoto poti ili ndi matayala anayi. Ina mukangoiona mumanena nokha kuti, "Iyitu ndi Hiace," kapena, "Iyi ndi thanka ya mafuta ija imalowera pa Mwanza."

Waya ndi yemweyo, pulayazi ndi yomweyo, nthawi zina ngakhale msinkhu wa anawo ndi umodzi. Kusiyana kudachitika ntchito isanayambe. Wachiwiriyu adasankha galimoto imodzi, adaiyang'ana mokwanira, adayeza, kenako adajambula. Woyamba uja adangotola waya n'kuyamba kupinda.

Nkhaniyi ikukhudza makolo chifukwa m'makomo ambiri katoni ya mawaya imatengedwa ngati zinyalala. Tsiku losesa imakathera kudzala, mwana n'kukalipiridwa kuti akudetsa pakhomo. Akataya mtima kawiri katatu, basi, amasiya n'kumakangamira foni ya amayi ake. Chonsecho m'katoni muja mudali masamu, kujambula ndi kudekha, zinthu zomwe timalipirira fizi kuti akaphunzire.

Chopanga chili pa siteji pomwepo

Funso loyamba la aliyense wopanga galimoto zing'onozing'ono, kaya ndi za mawaya, za makatoni, za nsungwi kapena za pulasitiki zogula, ndi lakuti: ndipange chiyani? Ambiri amathamangira galimoto za mpikisano zomwe adangoziona pa kanema. Vuto lake ndi lakuti galimoto yoteroyo sungaizungulire, sungaione kunsi, sungaiyeze. Umangopanga zoganizira.

Galimoto yabwino kuyambira ndi yomwe mwana amaiona tsiku ndi tsiku. Pa depoti ya Wenela ku Blantyre, pa depoti ya Lilongwe kapena ya Mzuzu pali maminibasi ndi mabasi osawerengeka. Mu msewu wa M1 mumadutsa mathiraki ochokera ku Dar es Salaam ndi ku Beira, ena a makontena, ena a mafuta. Kumudzi kuli lole yonyamula chimanga, ambulasi ya pachipatala, thirakitala ya pa esiteti. Ku galaja ya m'dera mwanu kuli chinthu chosowa kwambiri: galimoto yochotsedwa matayala, yomwe mwana angaone mmene ekiselo ndi masipuling'i zidagwirira ku chesisi.

Kulinso galimoto zomwe zidatsala m'mitu ya agogo. Afunseni za mabasi a UTM ndi a Stagecoach, malole a Bedford, Peugeot 404 ya matola, kapena Land Rover ya bwanamkubwa. Mu alubamu ya zithunzi za ukwati wa kale nthawi zambiri mumapezeka galimoto itaima kumbuyo kwa akwati. Omwe ali ku Blantyre atha kupita ndi ana ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Chichiri, komwe panja pake pali makina ndi zoyendera za makedzana. Mwana akapanga basi yomwe agogo ake adakwera popita ku ntchito koyamba, chidolecho chimakhala ndi mwini nkhani, ndipo sichitayidwa wamba.

Chinsinsi china n'chakuti musasankhe mtundu wa galimoto chabe, sankhani galimoto imodzi. "Minibasi" ndi mawu otambalala. Koma minibasi ija ya bampala wopindika, ya mawu olembedwa pa galasi la kumbuyo, yomangirira matumba a makala ku buti, imeneyo ndiye ili ndi nkhope. Tizinthu timeneti ndi tomwe timachititsa munthu wodutsa kuima n'kuseka kuti waizindikira.

Kuyang'ana kuli ndi njira yake

Galimoto ikasankhidwa, pamafunika zithunzi zinayi: cha m'mbali, cha kutsogolo, cha kumbuyo, ndipo ngati n'kotheka cha pamwamba. Wojambula aime patali pang'ono, anjute kuti foni ikhale pa msinkhu wa chitseko, ndipo alunjike pakati penipeni. Chithunzi chojambulira pakona chimakongola koma chimanama: mbali yapafupi imaoneka yaikulu kuposa yakutali. Ngati foni palibe, kope ndi pensulo zikwanira.

Apa mpamene mwana amaphunziranso ulemu. Galimoto ili ndi mwini wake, choncho ayambe wapempha: "Zikomo bambo adalaivala, ndimati ndiyeze nawo tayala la galimoto yanuyi, ndikupanga ya mawaya." Ambiri amasangalala, ena mpaka amatsegula boneti. Koma ayeze galimoto yoima, yozima injini, ndipo wamkulu akhale pafupi. Pa siteji ya piringupiringu kapena m'mphepete mwa msewu waukulu si malo oti mwana azigwadapo ndi tepi.

Aone zinthu zomwe maso aulesi amazidumpha. Mawindo ndi angati mbali imodzi? Tayala la kutsogolo lili pansi pa mpando wa dalaivala kapena kutsogolo kwake? Kuchokera pa tayala la kumbuyo kufika kumapeto kwa galimoto patsala mtunda wotani? Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sikelo: masamu omwe amakonza zonse

Pa mabokosi a galimoto zoseweretsa za m'sitolo pamalembedwa manambala monga 1:64, 1:43, 1:24 kapena 1:18. Imeneyi ndiyo sikelo, yofanana ndi ija ya pa mapu. 1:24 ikutanthauza kuti sentimita imodzi pa kagalimoto ikuimira masentimita 24 pa galimoto yeniyeni. Nambala yachiwiriyo ikamakula, kagalimoto kamachepa. Tigalimoto tambiri ta Hot Wheels, tomwe kampani ya Mattel idayamba kugulitsa mu 1968, timakhala ta pafupifupi 1:64, n'chifukwa chake timakwana m'thumba la kabudula.

Lamulo ndi limodzi: chilichonse chigawidwe ndi nambala imodzimodziyo. Titenge Toyota Hiace ya bodi wamba, yomwe ndi yotalika mamilimita 4,695, yotambalala 1,695, ndipo kuchoka pansi kufika padenga ndi 1,980. Pa sikelo ya 1:10 kagalimoto kake kakhala kotalika masentimita 47, kotambalala 17, msinkhu pafupifupi 20. Pa 1:24 kakhala ka masentimita 19 ndi theka kutalika, 7 kutambalala, msinkhu 8 ndi pang'ono. Kwa woyamba kumene, 1:10 ndi yosavuta chifukwa kugawa ndi 10 sikufuna kakyuleta.

Wopanga galimoto ya mawaya ali ndi vuto lomwe wogula bokosi alibe: matayala sapanga yekha nthawi zonse, amatola. Ndiye nzeru ndi kuyambira ku tayalako. Tayala la Hiace likayezedwa kuchokera pansi kufika pamwamba limakhala pafupifupi masentimita 70. Mwana akapeza zitini za polishi wa nsapato kapena zitsekerero za masentimita 7, ndiye kuti sikelo yake ndi 1:10, ndipo bodi ikhale ya masentimita 47 aja. Akafuna kugwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo a zakumwa, zomwe ndi pafupifupi masentimita atatu, sikelo yake yayandikira 1:24, choncho bodi isapitirire masentimita 20. Galimoto zambiri zooneka modabwitsa, bodi ngati basi koma timatayala ngati ta wilibala ya chidole, zidalakwika pamenepa.

Pulani ijambulidwe pa katoni

Manambala akapezeka, mwana atenge katoni yosalala ajambulepo mbali ya galimoto pa kukula kwenikweni kwa chomwe akufuna kupanga. Ayambe ndi mzere wa pansi, aike madontho awiri pomwe pakhale pakati pa matayala, kenako azungulize bodi, zitseko ndi mawindo. Mtunda wa pakati pa tayala la kutsogolo ndi la kumbuyo ndi wofunika kuposa zonse. Pa Hiace ija ndi mamilimita 2,570, kutanthauza masentimita 26 osakwana pang'ono pa 1:10. Ukalakwika umenewu, ngakhale penti ikongole bwanji, galimotoyo sioneka ngati Hiace.

Chojambulachi chimasanduka chikombole. Waya amagonekedwa pamwamba pa mzere n'kumapindidwa motsatira. Mbali ziwiri, ya kumanja ndi ya kumanzere, zipindidwe motsatizana pa chojambula chomwecho kuti zifanane, apo ayi galimoto imayenda chopendekeka ngati yathyoka sipuling'i.

Ntchito nayo ili ndi ndondomeko. Chesisi choyamba, kenako maekiselo ndi matayala, kenako chiwongolero. Ayeseko kuyendetsa isanavale bodi: ikugudubuzika bwino? Ikukhota mbali zonse ziwiri, matayala osakhula? Zikatheka izi ndiye bodi ibwere, ndipo zokongoletsa monga magalasi, nyali, nambala puleti ndi mipando zikhale komalizira. Mwana wothamangira kumata nyali chiwongolero chisanagwire amadzaphwasula yekha zomwe wakongoletsa.

Pulani imathandizanso kudziwiratu zipangizo. Pamafunika waya wokhuthala wa chesisi ndi chiwongolero, wapakatikati wa bodi, ndi wopyapyala womangira mfundo, monga wa kopa wochokera mu mota yakupsa. Malegeni a chubu chakutha amakulunga matayala kuti asalire pa miyala, patapata wakutha amadulidwa matayala abwino, botolo la pulasitiki loyera limapereka magalasi. Mwana wodziwa kuti akufuna waya wotalika mwakuti amapempha kwa amakaniko kapena owotcherera zitsulo. Wopanda pulani ndi amene amakadula mpanda wa aneba kapena chingwe choyanikira zovala. Ndipo makolo anene mosapsatira: mawaya a magetsi, kaya ali pa pholo kaya agwa pansi, sakhudzidwa. Nsonga zonse za waya zipindiridwe mkati, ndipo bala la waya wadzimbiri litsukidwe ndi sopo msanga, likakhala lakuya apite nalo kuchipatala poopa kafumbata.

Nanga za m'bokosi zija?

Ana ena amalandira kuchokera kwa achibale a ku Johannesburg kapena ku London bokosi la galimoto ya pulasitiki yolumikiza wekha, ya makampani monga Tamiya ya ku Japan, Revell, kapena Airfix ya ku England. Zambiri mwa galimoto zoterezi ndi za 1:24 kapena 1:25. Poti sikelo adawerengera kale, ena amaganiza kuti pulani n'njosafunika. Zimathera m'misozi: guluu pa galasi, mipando yosapenta itatsekeredwa kale mkati.

Bokosi lotere ndi lodula ndipo silibwera kawiri. Kapepala ka malangizo kawerengedwe konse kaye. Tizidutswa tisathyoledwe tonse nthawi imodzi chifukwa manambala ake ali pa chimango chomwe tagwirapo. Chilichonse chiyesedwe chopanda guluu, za mkati zipentedwe bodi isanatsekedwe, ndipo penti ipakidwe mopyapyala kangapo pamalo opita mphepo. Mtundu wa penti nawo usankhidwe poyang'ana zithunzi za galimoto yeniyeni, monga momwe wa mawaya amachitira.

Si zachibwana ayi

Makampani opanga galimoto mpaka lero amayamba aumba galimoto yatsopano ndi dongo lapadera, yaing'ono kenako ya msinkhu weniweni, asanadule chitsulo. Ku America, nthambi ya General Motors yotchedwa Fisher Body idayendetsa mpikisano wa achinyamata kuyambira 1930 mpaka 1968, momwe ankapanga ngolo kenako galimoto zing'onozing'ono, ndipo opambana ankalipiriridwa maphunziro a ku koleji. Ena mwa iwo adadzakhala akatswiri ojambula galimoto zenizeni.

Luso la ana a kuno nalo lidadziwika kutali. Buku la ana la Galimoto, lolembedwa ndi Karen Lynn Williams ndipo lidatuluka mu 1990, limakamba za mnyamata wa ku Malawi dzina lake Kondi, yemwe adatha tsiku lonse akusaka mawaya. Ana a maiko ena adaphunzira mawu akuti "galimoto" kudzera m'bukuli.

Sikuti mwana aliyense wopinda waya adzakhala injiniya. Koma kuyeza, kugawa ndi sikelo, kujambula chinthu mbali zitatu ndi kutsata ndondomeko ndi zomwezo amakumana nazo wophunzira umakaniko, ukalipentala kapena kuwotcherera m'sukulu za ntchito zamanja monga Lilongwe Technical College. Ndipo palibe chifukwa choti mtsikana auzidwe kuti zimenezi n'za anyamata. Rula sasankha dzanja.

Gawo la kholo ndi lotsika mtengo: kope limodzi losungiramo zojambula ndi miyeso, pensulo, rula, tepi yobwereka kwa atelala, ndi kakona m'nyumba komwe katoni ya mawaya singaseseredwe kudzala. Galimoto yoyamba ikatha, isaphwasulidwe msanga. Iikidwe pambali pa chithunzi cha yeniyeni ija, mwana aone yekha pomwe pasiyana, alembe m'kope. Tchuthi chino mukamuona watenga pulayazi, mufunseni funso limodzi lokha: "Kodi iwe, imeneyi ndi galimoto ya ndani, ndipo tayala lake wayeza?"