Galimoto siima pomwepo: masamu a woyenda pansi pa msewu wa Mchinji

Kwa inu a ku Mpingu, Namitete kapena Nsaru amene mukulota za yunivesite, kampasi yapafupi ndi ya NRC ya LUANAR, imene njira yake imapatuka pa msewu wa M12 wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji. Moyo wa ku koleji ndi wa miyendo: ku hositelo, m'kalasi, ku laibulale, kenako kumsewu waukulu kukadikira minibasi. M'kati mwa mpanda magalimoto amayenda pang'onopang'ono, kuopsa kwenikweni kumayamba mukatuluka pageti. Ndipo si za mtsogolo zokha ayi, ambiri a inu mumadutsa kale msewu umenewu popita kusukulu.

Woyenda pansi amaganiza kuti, “Dalaivala wandiona, aima.” Tiyeni tiwerengere limodzi tione.

Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala akakuonani saponda buleki nthawi yomweyo. Diso litumize uthenga ku ubongo, ubongo uzindikire kuti uyo ndi munthu, phazi lichoke pa moto lipite pa buleki. Zonsezi zimatenga sekondi imodzi kapena imodzi ndi theka, galimoto ikupitabe osachepetsa liwiro. Ndi mamita mpaka 33 amenewo. Buleki ikagwira, pa phula louma ndi matayala abwino, pamafunika mamita ena pafupifupi 36. Kuphatikiza, ndi mamita pafupifupi 70, kupitirira theka la bwalo la mpira.

Nanga pa makilomita 40 pa ola? Mwina mukuti buleki ifuna theka la 36. Ayi ndithu, ifuna mamita 9 basi. Chinsinsi ndi kinetic energy ija ya mu Fizikisi, ½mv². Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi, ndipo matayala ayenera kuimaliza yonse pokhulana ndi msewu. Mvula ikagwa, kapena mchenga ukakhala pa phula, kukhulanako kumachepa ndipo mtunda umatalika. Lole yodzaza fodya kapena yochokera ku Zambia ndiye musanene, imafuna malo ochuluka kuposa pamenepo. Liwiro lomwelo ndi limene limagamula za moyo: bungwe la WHO limati mwayi woti munthu wogundidwa afe umakwera kanayi ndi theka liwiro likachoka pa makilomita 50 kufika pa 65 pa ola.

Usiku masamuwa amafika poipa. Inu nyali za galimoto mumaziona ili kutali kwambiri, ndiye mumakhulupirira kuti nayenso dalaivala akukuonani. Koma nyali akazitsitsa zimawalitsa mamita 50 kapena 60 okha, ndipo chovala chakuda chimameza kuwala m'malo mokubweza. Ndiye kuti pamene akukuzindikirani, mtunda woti aimire watha kale. Malaya oyera amathandizako. Rifulekita ndiye imaposa, chifukwa timagalasi take ting'onoting'ono timabweza kuwala komwe kwachokera, kumene kulinso maso a dalaivala. Yabwino ndi yomanga pa akakolo kapena pamkono, poti ubongo umazindikira msanga kayendedwe ka miyendo ya munthu kusiyana ndi kadontho kowala kongokhala malo amodzi.

Msewu wa M12 uli ndi vuto lakelake: umachoka kummawa kulowera kumadzulo. Madzulo dzuwa likapendeka limathobwa m'maso dalaivala wopita ku Mchinji, m'mamawa limathobwa wopita ku Lilongwe. Ndi nthawi yomweyo imene ophunzira amadzaza m'mbali mwa msewu. Mukaona chithunzithunzi chanu chatalika kuloza kumene kukuchokera galimoto, dziwani kuti dzuwa lili m'maso mwa dalaivalayo ndipo mwina sakukuonani n'komwe.

N'chifukwa chake timati muziyenda kudzanja lamanja. Kuno magalimoto amayenda kumanzere, choncho mukakhala kumanja mumayang'anizana ndi imene ikubwera mbali yanu ndipo mutha kudumphira kumbali nthawi ikadalipo. Mukatsika minibasi, idikireni ichoke kaye, chifukwa imakubisani kwa wina amene akuipitirira. Mahedifoni nawo, chonde, chotsani ngakhale khutu limodzi. Njinga ya kabaza yopalasa imabwera mwakachetechete, ndipo yamoto imatha kutulukira m'kanjira ka oyenda pansi, ngakhale m'kati mwa kampasi.

Yesani izi mawa: imani patali ndi phula, sankhani mtengo umene uli pa masitepe 90 kuchokera pomwe mwaima, ndi mamita pafupifupi 70 amenewo. Galimoto ikafika pa mtengowo yambani kuwerenga masekondi mpaka ikudutseni. Ngati ikuthamanga 80, simufika pa 4. Kuwoloka msewu wa mizere iwiri mukuyenda bwinobwino kumatenga masekondi 5 kapena 6.