Ntchito ina yapezeka koma mtima uli kwina: kufunsa yankho osataya zonse ziwiri

M'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, ntchito zolembedwa sizibwera mwandondomeko. Wachinyamata amatha chaka chathunthu akusiya ma CV m'maofesi popanda womuimbira, kenaka m'mwezi umodzi makomo awiri n'kutseguka. Zimachitika kwambiri msika wa fodya ukamayandikira cha mu Epulo, komanso ogula soya ndi chimanga akamafuna oyeza pa sikelo ndi olembera matumba. Sitolo ya zipangizo zaulimi ku Ulónguè imanena kuti bwerani Lolemba, pomwe ntchito imene munthuyo akuifunitsitsa, kaya yaulangizi ku kampani ya fodya kapena yoyendetsa galimoto kumigodi ya malasha ku Moatize, anachita kale entrevista koma yankho silinabwere.

Ambiri amangokhala chete, poopa kuti kufunsa abwana n'kupanda ulemu. Ena amavomera ntchito yoyambayo, n'kudzasowa patapita sabata ziwiri kampani inayo ikawaitana. Njira ziwiri zonsezi zili ndi mtengo wake, ndipo wochita zachiwirizi amawononga dzina limene adzalifune mawa. Kufunsa si mwano. Olemba ntchito amadziwa kuti munthu waluso safunidwa ndi kampani imodzi yokha, ndipo kuchedwa kwawo nthawi zambiri sikutanthauza kukana. Pepala limakhala likudikira siginecha ya mkulu wina amene ali mumzinda wa Tete kapena ku Maputo.

Asanaimbire aliyense, wofuna ntchito ayambe watsimikiza kuti chimene wagwiracho ndi ntchitodi. Mawu apakamwa akuti "mwapambana" sakwanira. Apemphe kuti amulembere, ngakhale pa SMS kapena pa WhatsApp, udindo wake, malipiro, malo ogwirira ntchito ndi tsiku loyamba. Afunsenso mtundu wa kontratu. Lamulo la ntchito la dziko lino, Lei n.º 13/2023, limene linalowa m'malo mwa la 2007 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2024, limasiyanitsa kontratu yokhala ndi tsiku lothera, a prazo certo, ndi yopanda tsiku lothera, por tempo indeterminado. Ntchito zambiri za pamsika wa mbewu zimatha msika ukatsekedwa, ndipo munthu ayenera kudziwa zimenezi asanakane kwina.

Akatero, apemphe nthawi yoganiza. Masiku atatu kapena asanu n'ngomveka, sabata imodzi n'kotheka, koma mwezi wathunthu palibe angamudikire. Chifukwa chake sichisowa kupeka. Kuno munthu sanyamuka osakambirana ndi akubanja, osaona amene atsale ndi munda, dimba ndi ziweto. Bwana wobadwira kumidzi amazimvetsa. Chachikulu n'kutchula tsiku lenileni loyankha, monga Lachisanu masana, n'kulisunga.

Tsikulo likadziwika m'pamene amaimbira kampani imene akuifuna. Aimbire munthu amene anamufunsa mafunso pa entrevista kapena a ku recursos humanos, osati mlonda wa pageti kapena msuweni wogwira ntchito kunkhokwe, chifukwa awa amangobweretsa mphekesera. Nthawi yabwino ndi m'mawa tsiku la ntchito. Mawu ake akhale ochepa, monga awa: "Bwana, ndine uje, ndinachita entrevista ya ulangizi sabata ziwiri zapitazo. Kwina andipatsa ntchito ndipo akufuna yankho Lachisanu. Koma mtima wanga uli kwa inu. Kodi n'kotheka kudziwa pamene nkhani yanga yafika lisanakwane tsikulo?" M'mawu amenewa muli zonse zofunika: akudzikumbutsa kuti ndi ndani, akunena zoona za ntchito inayo, akupereka tsiku, ndipo akuonetsa kuti akufuna kwawoko. Mulibe kuopseza. Wonena kuti "mukapanda kundiyankha ndikupita" amayankhidwa kuti pitani bwino.

Dzina la kampani inayo sakakamizidwa kulitchula, ngakhalenso malipiro amene amulonjeza. Akafunsidwa angathe kunena mtundu wa ntchitoyo basi. Koma asayerekeze kupeka ntchito imene kulibe pofuna kuwafulumizitsa. Ulónguè ndi Furancungo si Maputo. Akuluakulu a makampani amakumana kubanki imodzi, pamisonkhano yaboma ndi kumaliro, ndipo bodza lotere silitha sabata lisanaululike.

Akamaliza kuyankhula, atumizenso uthenga wolemba wonena zomwezo, m'Chipwitikizi ngati ndicho chinagwiritsidwa ntchito pa entrevista, wokhala ndi dzina lake lonse ndi nambala yake. Foni imaiwalika, uthenga umatsala. Apa pali kanthu kena kamene a m'malire amakadziwa bwino: kufupi ndi Calómuè, Biri-Biri kapena Zóbuè anthu ambiri ali ndi ma SIM awiri, ndipo nthawi zina foni imakoka netiweki ya ku Malawi. M'masiku odikirawa, nambala imene inalembedwa pa CV, kaya ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, ikhale m'foni ndipo foniyo ikhale ndi moto. Ofesi ikaimba kawiri osamupeza, imapita pa dzina lotsatira. Zokwera chapa kupita ku Tete osapangana ndi aliyense sizithandiza kwenikweni: ndi ulendo wa makilomita oposa 200 kuchokera ku Ulónguè, ndipo ungathere pabenchi ya pageti.

Yankho likabwera, alimvetsere bwino. Akati "dikirani mpaka Lachinayi" kapena kumuitanitsa BI, NUIT ndi masatifiketi, ndiye kuti nkhani ikuyenda. Akati malowo atengedwa, n'zowawa koma zamumasula. Chovuta ndi yankho lachitatu, lija lakuti "tikuimbirani" lopanda tsiku. Pamenepo afunse kamodzi mwaulemu ngati pali tsiku limene angayembekezere. Akapanda kulitchula, aone ngati sanayankhidwe, ndipo tsiku lake loyankha kwina likakwana asankhe potengera zimene ali nazo m'manja. Kuimba m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse kumangotopetsa amene akanamuthandiza.

Ntchito zaboma zili ndi njira ina. Uphunzitsi, unamwino kapena ulangizi ku SDAE zimadzera pa concurso público, mayina amakhomedwa pabolodi, ndipo wolembedwayo amadikiranso visto ya Tribunal Administrativo. Palibe foni imene ingafupikitse njira imeneyi, ndipo imatha kutenga miyezi. Wodikira concurso ngwanzeru akagwira ntchito ina imene yapezekayo uku akuyang'ana pabolodi. Ndipo aliyense wopempha ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola kuti "akankhe dzina", kaya kuboma kapena kukampani, ndi wakuba kapena wakatangale. Anthu otere amakonda kwambiri munthu amene watsala ndi masiku atatu kuti asankhe.

Masiku odikirawa ndi mpatanso woonanso ngati kampani yokondedwayo ndi yabwinodi kapena changokoma ndi dzina ndi yunifolomu. Malipiro a ku Moatize amamveka ambiri akamatchulidwa kumudzi, koma nyumba ya lendi, madzi ndi chakudya zonse n'zogula, pomwe wogwira ntchito ku Ulónguè kapena ku Dómuè amadya zakumunda kwake ndipo Loweruka amakaona mbatata yake. Malipiro otsikitsitsa amene boma limakhazikitsa amasiyana malinga ndi gawo la ntchito, ndipo a zaulimi ali pansi pa a kumigodi, choncho kuyerekeza manambala okha kumasocheretsa. Afunsenso za INSS. Mwalamulo, wantchito amadulidwa 3 peresenti ya malipiro ake ndipo bwana amaonjezera 4 peresenti. Sitolo yaing'ono imene imalembetsa antchito ake ku INSS n'kumalipira chaka chonse ingapose kontratu ya miyezi inayi ya kampani yotchuka. Ngati ntchito inayo ili tsidya lina, ku Dedza kapena ku Lilongwe, pali mafunso awiri owonjezera: chilolezo chogwirira ntchito m'dziko la eni, ndi mphamvu ya kwacha, imene mu Novembala 2023 inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Wofuna kutumiza ndalama kwawo mu metikali awerengere zimenezo.

Zimachitikanso kuti munthu wavomera, wayamba ntchito, kenaka kampani ija n'kuimba. Lamulo limalola kuti kontratu iyambe ndi nthawi yoyesana, período probatório, imene mbali iliyonse ingathetse mgwirizano popanda kupereka chifukwa, bola idziwitse inzake polemba kalata nthawi isanakwane. Kutalika kwa nthawiyo kumadalira mtundu wa kontratu ndi udindo, n'chifukwa chake pepalalo liyenera kuwerengedwa lisanasainidwe. Wochoka alembe kalatayo, akaonane ndi abwana maso ndi maso, abweze makiyi, njinga yamoto kapena ndalama ya adiantamento ngati anatenga, ndipo asachoke kontratu yatsopanoyo isanasainidwe.

Amene wasankha kukana ntchito imene anamupatsa, akane tsiku lomwelo, osadikira kuti amufunefune. Foni yaifupi yothokoza ndi yonena kuti wasankha kwina ndi yokwanira. Bwanayo ali ndi munthu wachiwiri pamndandanda amene nayenso akudikira, ndipo msika wotsatira akadzafunanso anthu adzatsegula kope lomwelo la mayina.