Kamba wa Paulendo mu Mzinda wa Zomba

Lero tili ku Zomba, ndipo nkhani yathu ndi ya kamba wa paulendo.

Amene anakwerapo ndege kupita ku Johannesburg amasimba za makina agalasi oima m'mbali mwa khoma pa bwalo la ndege. Munthu amaponyamo ndalama kapena kugunditsa khadi la ku banki, n'kudina nambala, botolo la madzi kapena paketi ya bisiketi n'kugwera pansi. Palibe moni, palibe kunenerera. Kuno ku Zomba bwalo la ndege lilipo, koma ndi la asilikali. Wofuna ndege ya anthu wamba amatsika ndi msewu wa M3 mpaka ku Blantyre, kukakwerera ku Chileka. Choncho kamba wa munthu wa ku Zomba amagulidwa m'manja mwa munthu mnzake.

Kamba wa paulendo ndi wakalekale. Atsamunda atakhazika likulu lawo pano mu 1891, katundu wa boma ankabwera pamitu ya amtengatenga, bwana ali ndundundu m'machila. Anthuwa ankalandira phoso, koma mayi wanzeru sankalola mwamuna wake kunyamuka chimanjamanja. Ankamukazingira chimanga ndi mtedza, kumuotchera mbatata, n'kumuthirira thobwa m'chipanda. Sankasankha mwachisawawa. Chimanga chokazinga sichisasa ngakhale dzuwa liswe mtengo, sichilemera pamtolo, ndipo chikalowa m'mimba, madzi n'kutsatira, munthu amayenda mpaka madzulo.

(Phokoso la minibasi ndi oitanira)

Apa tafika pa depoti, pafupi ndi msika waukulu. Limbe! Limbe! Liwonde, Mangochi! Minibasi isanaime n'komwe, mawindo onse adzaza malichero ndi mabeseni. Mandasi, zitumbuwa, mazira owiritsa ndi kamchere kake pambali, nthochi, chinangwa chophika, nzimbe zodula kale, madzi ozizira. Wina wanyamula bolodi lopachikapo zingwe za foni, mabatire, zipeso ndi timipango. Pakona pali ambulera ya Airtel Money ndi Mpamba, pomwe wapaulendo amagula mayunitsi kuti auze abale kuti wanyamuka.

Taonani mayi uyo wakhala mpando wakumbuyo. Watulutsa K2,000 pawindo, walandira mazira awiri, ndipo dalaivala waliza injini. Mnyamata wogulitsa alibe chenji chokwanira. Akuthamangira kwa mnzake wa nthochi, akusinthitsa, akubwerera galimoto itayamba kale kuyenda, ndipo akuthamanga nayo limodzi mpaka ndalama ija yalowa m'dzanja la mwini wake. Akanatha kungotembenuka n'kulowa m'chigulu. Sanatero, chifukwa mawa adzakhala pomwepa, ndipo mayiyo adzadutsanso. Malonda onse a pa depoti aima pa kukhulupirirana kotereku.

Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo aphungu nawo atasiya kukumana kuno mu 1994, ambiri ankati Zomba wagona. Komatu ophunzira a ku Chancellor College, yomwe inabwera kuno mu 1973, asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi ndi odwala opita ku chipatala chachikulu sanasiye kukwera ndi kutsika, ndipo aliyense wa iwo amamva njala panjira.

(Mphepo m'mitengo ya paini)

Tsopano takwera phiri. Msewu wokhotakhota wopita ku Ku Chawe ndi ku damu la Mulunguzi uli ndi msika wakewake. Kuno kumazizira ndipo mvula imagwa yambiri, n'chifukwa chake kumabereka zipatso zomwe kuchigwa cha Chilwa simungazione: masitiroberi, mabulosi ofiira ndi achikasu, magalagadeya, kuphatikizapo mbatata ya kachewere. Anyamata amaziyala m'timbale ndi m'timadengu, galimoto ikangotulukira pakona n'kuzikweza m'mwamba. Mlendo wopita kukaona Chingwe's Hole, kapena Emperor's View pomwe mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaima mu 1965, amatsitsa galasi, amalawa kaye, amanenerera, ndipo akagula bwino amamuikira basela. Zipatsozi zathyoledwa m'mawa womwewo, mame akadalipo.

Pali chimodzi chomwe chimatiwawa. Pakati pa ogulitsawa mumaoneka ana amisinkhu ya ku pulayimale, nthawi yomwe anzawo ali m'kalasi. Ndipo ku depoti kuja, mayi wa mandasi amakhala padzuwa tsiku lonse, mvula ikagwa n'kuthawira pakhonde la sitolo ya eni ake, malonda atafunditsidwa pepala lapulasitiki. Anthu amene amadyetsa apaulendo a mzinda wonse sayenera kugwira ntchito motero.

Pempho lathu kwa akuluakulu a mzinda ndi lakuti ogulitsawa apatsidwe malo okhala ndi denga, mpopi wa madzi osamba m'manja ndi motaya zinyalala. Makolo a kuphiri, ana apite kusukulu, zipatso azigulitsa akaweruka. Ndipo inu apaulendo, mukanenerera muzikumbukira kuti mnzanuyo wadzuka tambala woyamba, ndipo mukatha kudya, makoko ndi mapepala musaponye pawindo.