N'cifukwa Ciyani Amuna Amaposa Akazi pa Liwiro?

Pa masewera a Olympic a mu 2024 ku Paris, Muzala Samukonga anapatsa Zambia mendulo ya nambala 3 atathamanga mamita 400 m'masekondi 43.74. Marileidy Paulino, amene anapambana mpikisano womwewo kwa akazi, anatenga masekondi 48.17. Pa akatswiri, kusiyana kumakhala kotere ndithu: pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, kaya ndi mamita 100 kapena marathon.

Ena amati akazi ndi aulesi. Zimenezo si zoona. Ana a pulayimale, anyamata ndi atsikana, amathamanga pafupifupi mofanana. Kusiyana kumayamba akatha msinkhu, pamene thupi la mnyamata layamba kupanga testosterone yambiri. Iyi imakulitsa minofu, mafupa, mtima ndi mapapo. Thupi la mtsikana limasunga mafuta ambiri ndipo ciuno cimatambalala. Mafuta amenewa ndi ofunika pa ucembere, koma pothamanga ndi katundu.

Nkhani yaikulu ili m'magazi. Haemoglobin ndiyo imanyamula mpweya kucoka m'mapapo kupita ku minofu, ndipo mwamuna amakhala nayo yambiri. N'cifukwa cake ku cipatala munthu amayesedwa wocepa magazi ikatsika pa magalamu 13 kwa mwamuna, koma 12 kwa mkazi.

Apa ndi pamene makolo ayenera kupenyetsetsa. Mtsikana amataya magazi mwezi uliwonse. Kuwonjezera malungo, njoka za m'mimba ndi nsima ya ndiwo zocepa, mwana amene anali kutsogola m'mabwalo a sukulu amayamba kupuma movutikira asanafike pakati. Aphunzitsi amaganiza kuti wakula, wayamba manyazi, pomwe vuto ndi magazi. Kapenta, nyemba, ciwindi, bondwe ndi cibwabwa zimathandiza. Tiyi asamwe pamodzi ndi cakudya, popeza amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi. Ngati zikope zayera mkati, kapena mtima ukugunda kwambiri pa nchito yaing'ono, apite ku kiliniki akapimidwe.

Mantha akuti kuthamanga kumaononga cibaliro ndi akale. Mu 1928 akazi anacotsedwa pa mpikisano wa mamita 800 wa Olympic mpaka 1960, ndipo marathon anawalola mu 1984. Kuthamanga sikucititsa uumba. Cokha n'cakuti mtsikana wothamanga kwambiri koma wodya pang'ono angaleke kupita kumwezi. Zikatero kwa miyezi 3 aonane ndi a cipatala, ndipo nthawi zambiri msambo umabwerera akawonjezera cakudya.