Jameson ananyoza lamulo, nalandira ulemu

Akulu-akulu a kum'mawa akumbukira kuti kale mzinda wa Chipata unali ndi dzina lakuti Fort Jameson. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti mwini dzinalo, Dr Leander Starr Jameson, anagonapo m'ndende cifukwa coputa nkhondo popanda cilolezo ca boma lace.

Pa 29 December 1895 Jameson anatenga asilikari pafupi-fupi 600, ambiri a iwo apolisi a kampani ya Cecil Rhodes, nalowa nao m'dziko la Mabunu la Transvaal. Colinga cace cinali kugwetsa Paul Kruger ndi kulanda Johannesburg, mzinda wa migodi ya golide. Pa nthawiyo Britain sanali pa nkhondo ndi Transvaal, ndipo lamulo la Foreign Enlistment Act la 1870 linaletsa nzika kukonza ulendo wa nkhondo wokathira dziko limene liri pa mtendere ndi Britain.

Mbiri itamveka ku London, nduna yoona za maiko a atsamunda, Joseph Chamberlain, inaukana ulendowo. Kazembe Sir Hercules Robinson anatuma amithenga kukalamula Jameson kuti abwerere, koma iye anatseka makutu napitirira. Azungu a mu Johannesburg amene anali kuwadalira sanauke. Pa 2 January 1896 Mabunu anamzinga pa Doornkop, ndipo anagonja.

Kruger anampereka m'manja mwa Angelezi. Bwalo la milandu la ku London linamlamula kukhala m'ndende miyezi 15, koma caka cisanathe anamasulidwa ati cifukwa ca matenda. Rhodes, mwini ciwembu, anangotula pansi udindo wa nduna yaikulu ya Cape, osaimbidwa mlandu. Pambuyo pace kunaululika kuti Chamberlain yemwe anali kudziwa za makonzedwewo.

Zotulukapo zace zinali zowawa. Poona kuti apolisi acoka, Amandebele anaukira atsamunda mu March 1896, ndipo mwazi wambiri unakhetsedwa. Cidani ca Mabunu ndi Angelezi cinakula kufikira nkhondo ya 1899.

Lamulo linalipo, koma dzanja lolanga linali lofewa popeza wolakwa anali mwana wa m'nyumba. Mu 1904 Jameson anakhala nduna yaikulu ya Cape, ndipo dzina lace linakhala pa dziko la Angoni a Mpezeni mpaka Zambia ataona ufulu.