Kachisi wa Mbona ku Khulubvi

Ine kwathu ndi ku Tukombo, ndipo kuyambira ubwana wanga ndinkayesa kuti nyumba yakale yopembedzeramo iyenera kukhala ya njerwa, monga tchalitchi cha ku Bandawe kumene amishoni anakhazikika mu 1881. Koma patchuthi amalume, amene anagwirako ntchito ku Nsanje, anandisimbira za Khulubvi.

Khulubvi ndi nkhalango yowirira pafupi ndi boma la Nsanje. Amang'anja amati Mbona, mwini mvula, anaphedwa ndi adani ake, mwazi wake nusanduka mtsinje wa Ndione, mutu wake nuikidwa m'nkhalangomo. Munthu sadulamo mtengo. Pakati pake pali kachisi, kanyumba kozungulira ka mitengo ndi udzu chabe. Wofikako amavula nsapato, ndipo nsalu yoperekedwa kwa Mbona imakhala yakuda ngati mtambo wa mvula. Kachisiyo akaola, mafumu a kumeneko amamema anthu kudzam'manganso, ndipo achita chotero kwa zaka mazana angapo.

Nditasimba zimenezi m'kalasi, mnzanga wina anaseka nati, "Iwe, udzu uli ndi mbiri yanji?" Tsono ndimuyankhe pano. Ku Ise, m'dziko la Japan, kuli kachisi wamkulu wa chipembedzo cha Shinto, woperekedwa kwa Amaterasu, mulungu wawo wamkazi wa dzuwa. Nayenso ndi wa matabwa ndi denga la udzu, ndipo amam'phwasula ndi kumanga watsopano zaka 20 zilizonse, achinyamata naphunzira luso kwa amisiri okalamba. Mu 2013 anam'manga kachi 62.